CIGAZA CA M'MGODI WA BROKEN HILL

Pali tizirombo tating'ono kwambiri timene timafoola masamba a anyezi, Azungu amati thrips. Kale lomwe tina ta mtundu umenewu tinakanirira mu utomoni wa mitengo, utomoniwo nuuma, nusanduka ngati mwala woŵala. Akatswiri amatiika pa galasi lokuza zinthu, naŵerenga mfundo za tinyanga take ndi ubweya wa m'mapiko, nadziŵa mtundu wake. M'caka ca 2012 analengeza za tina ta ku Spain, ta zaka mamiliyoni 105, mungu wa zomera ukali pathupi. Utomoni unasunga kacirombo pamodzi ndi umboni wake.

Cigaza cimene cinachukitsa mzinda wa Kabwe sicinaone mwai wotere. Anthu a ku Mukobeko amamva mbiri yake, koma ndi oŵerengeka adziŵa cifukwa cimene zaka zake zinabvutira akatswiri.

Pa 17 June 1921, Tom Zwigelaar, Mzungu wa ku Switzerland, pamodzi ndi wanchito mnzace wacifirika, anali kukumba mtobvu ndi zinki mkati mwa kaphiri ka mgodi wa Broken Hill. Pansi ngati mapazi 90, kumathero a phanga lakale, anapeza cigaza ca munthu, ca mphumi yothyoka cambuyo ndi zikope za mafupa ocindikala koopsya. Caka comweco cinafika ku London, ndipo Arthur Smith Woodward anati ndi mtundu wina wa anthu akale, naupatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis. Mano khumi anali obooka. Mwini wace anaudziŵa ululu wa dzino.

Koma eni mgodi anali kufuna mtobvu, osati mbiri. Mafupa ambiri a nyama a m'phangamo, popeza analoŵerera miyala ya mtengo, anaponyedwa m'ng'anjo. Pamene Aleš Hrdlička anadza kucokera ku America m'caka ca 1925 kudzafunsa amene analipo, mau ao sanagwirizane pa za malo eni eni pamene mafupa anagona. Kaphiri konse kanagumulidwa, pakatsala dzenje. Tsono mboni ikafa, mlandu uweruzidwa bwanji? Dothi limene likadanena zaka za cigazaco linali litapita.

Nthawi yaitali ambiri anayesa kuti ciri ndi zaka 500,000. Kunali m'caka ca 2020, patapita zaka 99, pamene Rainer Grün ndi Chris Stringer ndi anzao, atapima pfupa lenilenilo, anapeza zaka ngati 299,000. Ndiko kuti munthu uyu anali ndi moyo nthawi imene makolo a anthu a lero anali ataoneka kale m'Afirika.

Mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994. Cigaza cikali ku Natural History Museum ku London, ngakhale Boma la Zambia lakhala likupempha kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kuti cibwerere kwao. Dzina la Zwigelaar liri m'mabuku onse. La mnzace wacifirika uja palibe amene analilemba.