Chandni Chowk, Delhi

Chandni Chowk ndi msewu waukulu wa Delhi wakale, mzinda umene mfumu Shah Jahan inamanga m'zaka za m'ma 1640. Umayambira pa linga la Red Fort n'kukathera pa mzikiti wa Fatehpuri, womangidwa mu 1650. Wofuna kumvetsa zipembedzo za Delhi ayambire pano, osati ku Qutb Minar kapena ku Lotus Temple, ngakhale kuti n'zokongola kwambiri. Pa mtunda wosakwana makilomita awiri pali kachisi wa Digambar Jain Lal Mandir, amene alinso ndi chipatala cha mbalame, kachisi wa Ahindu wa Gauri Shankar, tchalitchi cha Central Baptist ndi Gurdwara Sis Ganj Sahib ya Asikh, ndipo monsemu anthu akupempheramo mpaka lero.

Ena amati kuyandikana kwa nyumbazi kumaphimba mbiri ya nkhanza. Nkhanzazo zinalipodi: Sis Ganj ili pamalo pamene Guru Tegh Bahadur, mtsogoleri wa Asikh, anadulidwa mutu mu 1675 molamulidwa ndi mfumu Aurangzeb, ndipo kuukira ulamuliro wa Angerezi kwa mu 1857 kutatha, Angerezi anagulitsa mzikiti wa Fatehpuri kwa wamalonda wachihindu, Asilamu n'kudzaulandiranso mu 1877. Koma msewuwu subisa zimenezi, ndiwo umazisunga. Dzina lakuti Sis Ganj likuchokera ku mawu otanthauza mutu, ndipo pamalo omwewo Asikh amaphika chakudya chaulere tsiku ndi tsiku n'kudyetsa aliyense wobwera, osamufunsa chipembedzo chake.