Mbiri ya Phokoso la Mabuleki a Galimoto Zaliwiro

Buleki ya galimoto imachepetsa liwiro pokhulanitsa zinthu ziwiri, china chozungulira pamodzi ndi gudumu ndipo china chomangiriridwa ku thupi la galimoto, mwakuti mphamvu yonse ya liwirolo imasanduka kutentha. Popeza zinthu zokhulana mwamphamvu chotere sizilephera kunjenjemera, phokoso lakhala m'mbiri ya mabuleki kuyambira pachiyambi, koma tanthauzo lake lasintha kangapo: poyamba linali chilema chofunika kuthetsa, kenako linasanduka chenjezo loikidwa mwadala, ndipo pa galimoto zaliwiro za masiku ano nthawi zina limangokhala chibadwa cha zipangizo zake. Makaniko amene walandira galimoto yotere yongogulidwa kumene, mwini wake akudandaula kuti imakukuta akaponda buleki, amayenera kulekanitsa matanthauzo atatuwa asanagwire sipanala.

Galimoto zoyambirira zinatengera mabuleki a ngolo zokokedwa ndi akavalo, omwe anali zipika za mtengo zokanikizidwa ndi mkono wachitsulo. Mu Ogasiti 1888, Bertha Benz atayendetsa galimoto ya mwamuna wake Carl kuchokera ku Mannheim kupita ku Pforzheim, mtunda woposa makilomita 100, zipikazo zinaperepeseka kotero kuti anapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa. Mfundo imene inaonekera pamenepo idakalipo mpaka lero, yakuti pakati pa mbali ziwiri zokhulana payenera kukhala chinthu chofewerapo ndi chotsika mtengo, chimene ntchito yake ndi kutha m'malo mwa zinzake. Herbert Frood wa ku Derbyshire, amene anayambitsa kampani ya Ferodo mu 1897, anasandutsa mfundoyi kukhala malonda popanga zomata za mabuleki kuchokera ku thonje lolukidwa ndi kunyikidwa m'mankhwala olimbitsa, ndipo patapita zaka zingapo anayamba kugwiritsa ntchito asibesitosi, mwala waulusi umene supsa ndi moto.

M'chaka cha 1902 munatuluka njira ziwiri zopikisana. Ku France, Louis Renault anakonza buleki ya dilamu, mmene zitsulo ziwiri zopindika zokhala ndi zomata zimakankhira kunja n'kugwira mkati mwa chitsulo chooneka ngati mphika chozungulira ndi gudumu. Ku Birmingham, Frederick Lanchester analembetsa umwini wa buleki ya disiki, yomwe imapana chitsulo chozungulira chaphanthiphanthi mbali zonse ziwiri. Popeza Lanchester anagwiritsa ntchito mkuwa ngati chokhulira, buleki yake inkalira molasa m'makutu, ndiponso mkuwawo unkatha msanga m'misewu yafumbi ya nthawi imeneyo. Motero njira imene inali yabwino koposa inagonja, mwa zina chifukwa cha makutu a anthu, ndipo dilamu inalamulira misewu kwa zaka pafupifupi 50.

Chimene chinabweza disiki chinali mpikisano wa liwiro. Dilamu imatsekera kutentha mkati, ndipo ikatentha kwambiri imafutukuka n'kutalikira zomata zija, kotero kuti dalaivala amaponda buleki mpaka pansi galimoto osaima bwino. Pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans mu 1953, galimoto ya Jaguar C-Type yoyendetsedwa ndi Tony Rolt ndi Duncan Hamilton inapambana ili ndi mabuleki a disiki opangidwa ndi Dunlop, kampani imene inazolowera luso limeneli pa ndege, ndipo madalaivalawo ankatha kuchedwa kuponda buleki kumapeto kwa msewu wautali wa Mulsanne kusiyana ndi anzawo. Citroën DS inatsatira mu 1955 ndi madisiki kutsogolo, Triumph TR3 mu 1956, ndipo m'kupita kwa nthawi galimoto iliyonse yodzitcha yaliwiro inayenera kukhala ndi kalipa, chipangizo chokhala ndi mapisitoni chimene chimapanikiza mapadi awiri pa disiki, mapadiwo ali timatabwa tachitsulo tomatidwa chokhulira.

Disiki imazizira msanga chifukwa ili poyera, koma kukhala poyerako kunabweretsa maphokoso atsopano, pakuti madzi, dzimbiri ndi timiyala zimaifikira mosavuta. Opanga galimoto nawonso anawonjezera phokoso ladala: pa mapadi ambiri anaika kachitsulo kopyapyala kamene kamakhudza disiki chokhulira chikatsala mamilimita 2 kapena 3, n'kuyamba kulira kuti dalaivala adziwe kuti nthawi yosintha yakwana, pamene ena anasankha kawaya koyatsa nyale yochenjeza. Mu 1978 Mercedes-Benz ndi Bosch anatulutsa ABS, makina oletsa magudumu kumangika poima mwadzidzidzi, ndipo makinawa akamagwira ntchito amachititsa chopondera kugunda pansi pa phazi ndi phokoso longa kukukuta, ngakhale palibe chimene chawonongeka.

Kusintha kwakukulu kunabwera zitadziwika kuti fumbi la asibesitosi limayambitsa khansa ndi matenda ena a m'mapapo, ndipo amakaniko amene ankaliuzira pokonza mabuleki ankalipuma tsiku ndi tsiku. Dziko la Britain linaletseratu asibesitosi mu 1999 ndipo European Union inachita chimodzimodzi mu 2005. Kuletsaku kunali koyenera ndipo kunachedwa, komabe mwala uja unali wachete, pamene mapadi osakaniza zitsulo, amene amapirira kutentha kwa galimoto zaliwiro, ndi aphokoso ndipo amadya disiki msanga. Mapadi opangidwira bwalo la mpikisano amakhula mwaukali akadali ozizira, n'kuyamba kugwira bwino atatentha. Madisiki a kaboni ndi seramiki, amene anaoneka pa Porsche 911 GT2 mu 2001 ndi pa Ferrari Enzo mu 2002, nawonso amatha kulira pa liwiro lochepa ali bwinobwino.

Ndondomeko imene amakaniko odziwa ntchito amatsatira inachokera m'mbiri imeneyi, ndipo imayamba ndi mafunso. Phokoso lomveka m'mawa kapena galimoto itatsukidwa, n'kuzimiririka buleki itapondedwa kangapo, kawirikawiri limakhala la dzimbiri lapamwamba. Lomveka galimoto ikuyenda popanda kuponda buleki limaloza ku kamwala kolowa pakati pa disiki ndi lata loiteteza, ku latalo ngati lapindika, kapena ku beringi ya gudumu, imene kulira kwake kumasintha pokhota. Kukukuta kolemera kumene kumakula phazi likamakanikiza ndiko koopsa, chifukwa nthawi zambiri kumasonyeza kuti chokhulira chatha ndipo chitsulo cha padi chikulima disiki, ndipo galimoto yotere siyenera kuyendanso. Koma khutu lokha silingaweruze mlandu, choncho gudumu liyenera kuchotsedwa ndi mapadi onse awiri kuonedwa, pakuti kalipa yogwidwa ndi dzimbiri imatha kumaliza padi yamkati, yakunja yooneka pakati pa masipoko idakali yonenepa. Disiki imayezedwa poyerekeza ndi muyezo wotsiriza wodindidwa pa iyo, pamene madisiki ambiri a kaboni ndi seramiki amayezedwanso pa sikelo, chifukwa amapepuka akamapsa mkati osaonda kwenikweni.

Pa galimoto yongogulidwa kumene, kuyendera kotereku kumaulula zimene wogulitsa sananene. Disiki yosanduka buluu ndi timing'alu tochokera m'mabowo amene madisiki ena amakhala nawo zimasonyeza kutentha kwa kuthamangitsidwa kwambiri, ndipo mapadi atsopano oikidwa pa disiki yamizere amaonetsa kukonza kwa changu kofuna kugulitsa. Nkhaniyi imakhudzanso ogula a ku Malawi amene amaitanitsa galimoto zakale za ku Japan, kuphatikizapo zaliwiro monga Subaru Impreza WRX, zimene zimaima milungu yambiri kumalo ogulitsira, m'sitima ndi padoko la Dar es Salaam zisanalowe pa chipata cha Songwe. Mpweya wamchere wa kunyanja umakhazika dzimbiri pa madisiki, ndipo pamene padi inagona nthawi yonseyo pamatha kutsala chidindo chimene chimachititsa chopondera kugunda. Chidindo chosaya chimafufutika ndi kuponda buleki kangapo pa msewu wopanda anthu, koma chozama chimafuna kuti disiki isemedwe pa makina kapena isinthidwe pamodzi ndi inzake ya mbali inayo.