Kayendedwe ka Mlendo mu Mzinda wa Lilongwe pa Minibasi, Takisi ndi Kabaza

Unduna woona za mtengatenga wakonza nkhaniyi pofuna kuthandiza alimi, amalonda ndi anthu onse amene amabwera okha mu mzinda wa Lilongwe koma sadziwa bwino malo. Ena amabwera kudzagulitsa fodya, ena kudzapikula katundu, ena kudzazonda odwala, ndipo ena amadzatsata nkhani zawo ku maofesi a boma. Munthu wotere akasokera amataya tsiku, amawononga ndalama ya ulendo wobwerera, ndipo nthawi zina amagwa m'manja mwa akuba. Zambiri mwa izi zimapeweka ngati mlendo adziwiratu mmene mzindawu unayalidwira komanso mmene galimoto zonyamula anthu zimayendera.

Mmene mzinda unayalidwira

Lilongwe anakhala likulu la dziko lino mu 1975, pamene boma linasamuka ku Zomba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mzindawu unali ndi anthu 989,318. Mzinda unagawidwa m'madera amene amadziwika ndi manambala, monga Area 2, Area 18 ndi Area 25. Chinthu choyamba chimene mlendo ayenera kudziwa n'chakuti manambalawa satsatana ndi mmene malo anayandikanirana. Area 47 ndi Area 49 ali kumpoto chakumadzulo pamene Area 36 ali kummwera kwenikweni. Choncho amene akufuna Area 23 asatsike pa Area 25 poganiza kuti kwatsala pang'ono ndipo amaliza wapansi.

Mzindawu uli ndi zigawo zazikulu zitatu zimene alendo amakonda kufuna. Old Town, imene anthu amangoti m'tauni, ndi kumene kuli msika waukulu, depoti ya mabasi, masitolo a m'msewu wa Malangalanga, Bwalo la Njobvu ndi chipatala cha Bwaila. City Centre ndi kumene kuli Nyumba ya Malamulo, maofesi a akazembe ena, ndipo chapafupi pali Capital Hill, likulu la maunduna. Kanengo, kumpoto m'mbali mwa msewu wa M1, ndi dera la mafakitale, nkhokwe za chimanga ndi okushoni ya fodya. Kuchoka m'tauni kufika ku Kanengo ndi mtunda woposa makilomita 10, ndipo si woyenda wapansi kwa munthu wonyamula katundu.

Msewu wa M1 umadutsa pakati pa mzinda kuchokera ku Dedza kulowera ku Kasungu. Wochokera ku Mchinji amalowa pa M12, pamene wochokera ku Salima amabwera pa M14 imene imakumana ndi M1 kumpoto kwa mzinda. Mlimi wochokera ku Kasungu, Dowa kapena Salima amene akupita ku okushoni safunika kufika m'tauni, chifukwa basi imayamba yadutsa pa Kanengo.

Minibasi

Minibasi ndiyo njira yotsika mtengo ndipo njira zake zambiri zimayambira kapena kuthera m'tauni, pafupi ndi msika waukulu ndi depoti. Izi zikutanthauza kuti nthawi zambiri wochoka dera lina kupita dera lina amayamba wafika m'tauni ndi kusintha galimoto, ndipo amalipira kawiri. Kumene minibasi ikupita kumalembedwa pa chikwangwani cha pagalasi lakutsogolo, ndipo kondakitala amaitanira dzina la malowo.

Dzina la pachikwangwani ndi la kumene galimoto ikukathera, osati la malo onse amene idutse. Mwachitsanzo, minibasi za ku Area 25 zili ndi njira ziwiri: zina zimadzera pa M1 ndi Kanengo, zina zimadzera ku Area 49. Wopita ku Kanengo ayenera kufunsa asanakwere ngati galimotoyo idzera kumeneko. Za ku Lumbadzi nazo zimadutsa pa Kanengo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mtengo wa minibasi umasintha mafuta akakwera, ndipo ena amaukweza m'mamawa ndi madzulo pamene okwera achuluka. Njira yabwino ndiyo kufunsa wokwera mnzake amene wakhala kale m'galimoto, kenako kutsimikiza ndi kondakitala. Thumba la mtedza, dengu la tomato kapena belo la kaunjika limalipiridwa padera, ndipo mtengo wake ugwirizanidwe katunduyo asanakwezedwe. Ndi bwino kukhala ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba lapadera kuti pasakhale mkangano wa chenji komanso kuti ndalama ya mpamba isaonekere pagulu. Mlendo auze kondakitala siteji yotsikira atangokwera, ndipo amukumbutse m'njira.

Minibasi imanyamuka ikadzaza, kotero amene ali ndi nthawi yoikika ku ofesi kapena ku chipatala anyamuke mwamsanga. Maofesi a boma amatsegula 7:30 m'mawa kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo nthawi imeneyo misewu yolowa m'tauni, makamaka pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, imakhala yothithikana.

Takisi

Pali takisi za mitundu iwiri. Zina, zimene zambiri ndi za mtundu wa Sienta, zimayenda njira yodziwika ndipo aliyense amalipira mpando wake ngati mu minibasi. Zina ndi zahayala, zimene zimatenga munthu mmodzi kukamusiya pakhomo penipeni. Takisi zahayala kawirikawiri zilibe makina owerengera mtengo, choncho mtengo umakambidwa ulendo usanayambe. Wokwera atchule malo momveka bwino, afunse ngati mtengowo ndi wopita kokha kapena wopita ndi kubwera, ndipo alipire atafika. Ngati dalaivala avomera Airtel Money kapena Mpamba, agwirizane kaye za amene alipire ndalama yotapira.

Takisi ndi yoyenera kwa amene wafika usiku, amene ali ndi wodwala wopita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Area 33, kapena wopita ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Ikwereredwe pa malo odziwika oimapo takisi, kapena iitanidwe ndi eni malo ogona alendo amene amawadziwa madalaivala.

Galimoto yololedwa kunyamula anthu olipira imakhala ndi nambala yolembedwa mofiira, ziphaso zosonyeza kuti ili bwino pamsewu, ndi inshuwalansi yoteteza okwera. Galimoto ya munthu wamba imene ikungotola anthu m'njira ilibe chilolezo chotere, ndipo pakachitika ngozi wovulala amavutika kupeza chipukuta misozi.

Kabaza

Kabaza wa njinga yamoto amafika m'makwalala mmene minibasi sizilowa, monga mkati mwa Kawale, Mchesi, Chinsapo ndi Area 23. Lamulo limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale chipewa choteteza mutu, ndipo njingayo ikhale yolembetsedwa. Wokwera akane kukwezedwa awiri kapena atatu pa njinga imodzi, ndipo ali ndi ufulu wouza woyendetsa kuti achepetse liwiro kapena aime kuti atsike. Kabaza si woyenera kwa wonyamula katundu wolemera kapena mayi wobereka mwana pa misewu ikuluikulu.

Kudziteteza

Malo a depoti ndi msika amadzaza anthu, ndipo opisa m'matumba amayang'ana amene akuoneka wosokonezeka. Anyamata oitanira amathamangira wotsika basi ndi kulanda chikwama ponena kuti akumuthandiza. Mlendo agwire katundu wake yekha kufikira atasankha galimoto, ndipo aone ndi maso pamene katunduyo waikidwa. Pofunsa njira apite kwa wapolisi, mlonda wa pa sitolo kapena wogulitsa amene ali pa malo okhazikika, osati munthu amene wadzipereka yekha kumuperekeza.

Mlimi amene wagulitsa fodya kapena mbewu zina asayende ndi ndalama zonse m'thumba. Atape zokwanira zimene akufuna kugula tsikulo, zotsala zikhale ku banki kapena mu foni. Foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi, ndipo nambala ya wachibale ilembedwenso pa pepala losungidwa padera ndi chiphaso cha unzika. Asanakwere takisi, makamaka usiku, atumize nambala ya galimotoyo kwa wachibale. Asalandire chakumwa kapena chakudya kwa munthu wosamudziwa.

Kukada, minibasi zimachepa ndipo mitengo imakwera. Amene basi yake yafika mochedwa asayende wapansi kuchoka pa depoti kukafuna malo ogona. Atenge takisi yodziwika kapena adikire wachibale pa malo owala pamene pali anthu.

Kokadandaula

Amene waberedwa, wazunzidwa kapena wasiya katundu m'galimoto akanene ku polisi yapafupi, kapena aimbe 997. Nkhani imayenda msanga ngati wodandaula watchula nambala ya galimoto, njira imene imayenda, malo ndi nthawi. Madandaulo a galimoto zonyamula anthu mopyola muyeso, zothamanga mosasamala kapena zopanda ziphaso apite kwa apolisi apamsewu kapena ku nthambi ya boma yoona za galimoto ndi chitetezo cha pamsewu.

Unduna ukupempha mafumu, alangizi a zaulimi, atsogoleri a makalabu a alimi ndi a mabungwe a amalonda kuti afotokozere anthu awo mfundozi asananyamuke ulendo wa ku Lilongwe.