Bolodi

Mawu akuti bolodi tinabwereka ku Chingerezi, komwe poyambirira amatanthauza thabwa. Kwa mwana wa pulayimale ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru, bolodi ndi khoma lopakidwa utoto wakuda, lolembapo ndi choko. Wokhala kumbuyo akapanda kuona bwino amangonyamuka n'kusendera kutsogolo, basi.

Mu 2020, Covid-19 itatseketsa sukulu ndipo misonkhano yambiri itasamukira pa Zoom ndi Microsoft Teams, mawuwa anasenza katundu wina. Bolodi likutanthauzanso malo oyera a pa sikirini, pomwe wotsogolera msonkhano amalembapo kapena kuikapo chikalata kuti onse aone nthawi imodzi.

Vuto lili pa "onse" ameneyu. Chikalatacho sichimatidwa ngati pepala la pakhoma. Chimachoka pa kompyuta ya mwini wake, n'kuyenda pa intaneti mpaka pa foni yanu. Netiweki ikafooka, mawu amamvekabe poti ndi opepuka, koma chithunzi chimachita mbuu, kapena kungoima chilili. Nthawi zina netiweki ilibe mlandu: mwini chikalata waiwala kupereka chilolezo choti ena atsegule. Apo ndiye mumamva wina ali pa Nthukwa ku Chilomoni akudula mawu kuti pepani achimwene, kuno bolodi lilibe kanthu, mwiniwake ali kale pa tsamba lachitatu.

Ine dzinali limandikayikitsa pang'ono. Bolodi la kusukulu linali limodzi m'kalasi monse. Ili aliyense ali ndi lake m'manja, ndipo pa kafoni kakang'ono zilembo zimachepa ngati nyerere.