Mabuku a Ainsworth abweranso, tione amene amalankhula chakumudzi

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, dzina loti William Harrison Ainsworth munalimvapo? Ngakhale ku England komweko ambiri samudziwa. Koma mu 1839 buku lake la Jack Sheppard, nthano ya mbava yodziwa kuthawa m'ndende, linkagulidwa kuposa Oliver Twist la mnzake Charles Dickens.

Ainsworth anabadwira ku Manchester mu 1805, ndipo pomwalira mu 1882 anali atalemba mabuku a nthano pafupifupi 40, ambiri otengera mbiri yakale ya dziko lake. Dzina lake linayamba kuda mu 1840, wantchito wina wa m'nyumba, Courvoisier, atapha bwana wake Lord William Russell. Nyuzipepala zinalemba kuti maganizo oipawo anawatola m'buku la mbava lija. Dickens anapitiriza kukwera, mnzakeyo n'kumatsika mpaka kuiwalika. Lero mabukuwo akubwerera. Kampani ya Broadview inasindikizanso Jack Sheppard mu 2007, ndipo ena ambiri ali pa intaneti, pa Project Gutenberg, aulere.

Pali buku limodzi lokha limene silinasowepo m'masitolo chilitulukire: The Lancashire Witches, la mu 1849, lonena za mfiti za m'chigawo chakwawo cha Lancashire. Nalonso linabadwa chifukwa cha kusindikizanso. Mlembi wa khoti, Thomas Potts, anatulutsa mu 1613 buku lofotokoza mlandu wa ufiti wa chaka cha 1612. Patapita zaka zoposa 200, James Crossley, mnzake wa Ainsworth, analisindikizanso mu 1845. Apa m'pamene Ainsworth anapeza nkhani yake.

Mlanduwo unayamba chonchi. M'mwezi wa Malichi 1612, mtsikana wosauka wa kufupi ndi phiri la Pendle, Alizon Device, anakumana panjira ndi wamalonda woyendayenda, John Law, n'kumupempha mapini. Sanamvane. Atangoyenda pang'ono, bamboyo anagwa, mbali ina ya thupi n'kuuma. Dokotala wa lero akanati ndi sitiroko, koma anthu anati walodzedwa, ndipo Alizon mwiniwake anakhulupirira kuti ndi iye. Woweruza wa deralo, Roger Nowell, anayamba kufunsa mabanja, nawo n'kumalozana chala. Kukhoti ku Lancaster mboni yaikulu inali Jennet Device, mwana wa zaka 9, amene anamuimika patebulo kuti aneneze amayi ake ndi mlongo wake James. Pa 20 Ogasiti anthu khumi ananyongedwa. Ife amene timamva za agogo othamangitsidwa pamudzi chifukwa cha mawu a mwana, nkhani iyi si yachilendo.

Ainsworth anaisintha kwambiri. M'buku mwake mfitizo n'zenizeni, zimauluka usiku ndi kupangana ndi Satana. Choncho amene akufuna mbiri asalitenge ngati umboni. Koma chimene chandilembetsa lero ndi chilankhulo. Anthu wamba m'bukuli amalankhula Chingerezi cha ku Lancashire, cholembedwa monga chimamvekera m'kamwa, moti wophunzira Chingerezi cha kusukulu amachita kubwereza mzere kawiri. Ine ndikuona kuti ichi n'chimodzi mwa zimene zinalisunga bukuli. Anthu a kumeneko ankapezamo mapiri awo, midzi yawo ndi kalankhulidwe ka agogo awo. Mu 1881 akuluakulu a mzinda wa Manchester anamukonzera phwando lomulemekeza ngati mlembi wa Lancashire, pamene ku London anali atamuiwala kale.

Tsono taonani mmene anagawira chilankhulocho. Jennet, kamwana kanjiru ka m'nthanoyi, kamalankhula chakumudzi chokhachokha. Alizon, amene wakulira m'nyumba yomweyo ndi kudya m'mbale imodzi ndi Jennet, amalankhula Chingerezi chosalala cha m'mabuku. Anachiphunzira kuti? Nthanoyo imadzaulula kuti iye si mwana wa m'banjamo, ndi mwana wa Alice Nutter, mayi wachuma. Ndiye kuti kwa mlembiyu mtima wabwino ndi magazi apamwamba zimabwera ndi chilankhulo chake, ndipo chakumudzi n'cha osauka, oseketsa ndi oipa. Munthu amene anakonda kwawo chotere sanathebe kulola kuti mtsikana wokondedwa wa m'buku lake alankhule ngati anthu akwawo.

Izi timaziona m'timasewero ta ana athu pa tsiku la chikondwerero kusukulu. Dokotala ndi mkulu wa boma amalankhula Chipwitikizi, Chinyanja n'kupatsidwa woledzera, mfiti ndi agogo osamva zinthu, makolo n'kumaseka. Chinyanja chinalowa m'kalasi kuno ku Tete ndi pulojekiti ya PEBIMO mu 1993, koma pabwalo la sewero dokotala sanayambebe kuchilankhula. Sewero likubwerali, tayesani kusinthanitsa, muone nkhope za ana.

Alizon weniweni sanali mwana wa mayi wachuma. Anali mdzukulu wa gogo wakhungu wotchedwa Demdike, amene ankamutsogolera popemphapempha, ndipo gogoyo anafera m'ndende mlandu usanazengedwe. Zimene Alizon ananena kukhoti, Potts anazilemba m'Chingerezi cha alembi a milandu. Ananyongedwa tsiku limodzi ndi amayi ake, mlongo wake James, ndi Alice Nutter yemwe.