Makina a ku Japan ndi Tuntemba ta m'Lusaka

Aziphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro la mbiri yakale lero litifikitsa ku Japan, dziko la zisumbu kum'mawa kwa Asia. Kumeneko munthu amagula cakumwa pamseu popanda wogulitsa. Amaponya ndalama m'makina, nadiniza batani, ndipo citini cimagwera m'munsi pamodzi ndi cenji. Kodi zimenezi zinayamba bwanji?

Tiyambire m'caka ca 1673, pamene Mitsui Takatoshi anatsegula sitolo ya nsalu yochedwa Echigoya mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo. Masiku amenewo amalonda a nsalu anali kupita ndi katundu kunyumba za olemera, nagulitsa pangongole ndi pamitengo yokambirana. Iye anaika mtengo umodzi kwa onse, nalola kudula nsalu pamuyeso uliwonse umene wogula afuna. Motero munthu wa ndalama zocepa analandiridwa ngati mlendo. Kufikira lero wogulitsa wa ku Japan amalonjera aliyense wolowa m'sitolo, namuweramira. Ulemu wotere amaucha omotenashi.

Makina anadza pambuyo. Mu 1904 mmisiri wa matabwa, Tawaraya, anapanga makina ogulitsa masitampa ndi mapositikhadi, ndipo akusungidwabe ku Tokyo. Makina anacuruka pambuyo pa 1967, pamene boma linasula makobiri atsopano a 100 yen ndi 50 yen. M'zaka za m'ma 1970 kunabwera ogulitsa khofi wotentha wa m'citini. Pofika 2000 makina onse anakwana 5,600,000, koma tsopano acepako kufika pafupifupi 4,000,000. Amaima pamseu usiku wonse ali ndi ndalama m'kati, pakuti owathyola ngocepa, ndipo wogula sakayika kuti cimene walipira cidzaturuka.

Tsopano tibwerere kwathu. Lusaka inakhala likulu mu 1935, koma masitolo akulu anali m'tauni, kutali ndi makomboni a anchito. M'masitolo ambiri a azungu munthu wakuda sanali kulowa pakhomo. Anali kugulira pakazenera ka pambali. Mu 1954 cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, cinauza anthu a m'Lusaka kuleka kugula nyama m'mabucha a tsankho. Makolo athu anavutikira ulemu wa wogula.

Ufulu utabwera mu 1964 tsankholo linatha, koma m'zaka za m'ma 1980 kunadza bvuto lina. Anthu anali kuima pamizere italiitali pa masitolo a boma monga ZCBC ndi NIEC, kuyembekezera shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Boma litamasula malonda pambuyo pa 1991, tuntemba tinacuruka m'Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Pa kantemba mai amagula kandulo imodzi, kabotolo ka saladi, kapena kathumba ka unga kochedwa pamela, monga momwe Echigoya inali kudulira nsalu molingana ndi thumba la wogula.

Kantemba kamagwira nchito imene makina amagwira ku Japan, ndiyo kufikitsa malonda pafupi ndi khomo. Koma kali ndi zimene makina alibe. Wogulitsa amati, "Mwauka bwanji, amai?" Amawonjezera mbasela, ndipo mwezi ukalimba amalemba ngongole m'kabuku. Ngongole zikapanda kubwezedwa, kantemba kamagwa, ndipo anansi amayambanso kuyenda mtunda kukagula mcere. Wogulitsa akacepetsa muyeso, ogula amamuthawa. Ku Tokyo ndi ku Kanyama komwe, malonda amayenda anthu akamakhulupirirana.

Ana inu, akakutumani pa kantemba, perekani moni, landirani ndi manja awiri, ndipo werengani cenji. Ikapitirira, bwezani. Aziphunzitsi, uzani ana akafunse agogo ao m'mene anali kugulira shuga m'zaka za mizere, ndipo alembe zimene amva m'mabuku ao.