Mfumu ikapambana, ndiye kuti yalungama? Za Machiavelli, al-Maghili ndi mafumu a Chiyao

Usiku uno tikambirane za utsogoleri, ndipo tiyambire kutali.

Mu 1513, munthu wina wa ku Florence, Niccolò Machiavelli, atachotsedwa ntchito m'boma ndi kuzunzidwa m'ndende, analemba kabuku kolangiza olamulira, Il Principe. Mfundo yake inali yakuti ntchito yoyamba ya mfumu ndi kusunga mpando. Ngati chilungamo chithandiza, ichite chilungamo. Ngati chisokoneza, iname, iswe pangano, koma pamaso pa anthu izioneka yopemphera. Munthu amene ankamuyamikira ndi Cesare Borgia. Uyu anaika nduna yankhanza, Remirro de Orco, kuti ikhazikitse bata m'chigawo cha Romagna. Ntchito itatha, mu December 1502, anaipha nkusiya mtembo wake pabwalo ku Cesena, kuti anthu aziti nkhanza zija zinali za ndunayo.

Zaka pafupifupi 20 izi zisanalembedwe, shehe wa ku Tlemcen, Muhammad al-Maghili, anafika ku Kano, kumpoto kwa Nigeria wa lero, nalembera mfumu Muhammad Rumfa malangizo a ufumu. Iyenso sanali munthu wogona: analangiza za asilikali, alonda ndi akazitape. Kusiyana kwake nkwakuti kwa al-Maghili ufumu ndi amaana, katundu wosungitsidwa amene mwini wake, Allah, adzamufunsa. Choncho mfumu izikhala poti wosauka ndi mayi wodandaula angathe kuifikira, izifufuza chuma cha nduna zake, ndipo isatenge msonkho umene Sharia sinalole. Tsoka lalikulu, iye ankabwereza, ndi mfumu yobisala kwa anthu ake. (Tisamuyeretse mopitirira: ku Tuat munthu yemweyu anautsa chiwawa pa Ayuda.)

Awiriwa sanadziwane. Makolo athu nawonso sanawerenge mabuku awo, koma funso lomwe lija linawapeza konkuno.

M'zaka za m'ma 1800, ufumu pakati pa Ayao sunkayezedwa ndi kukula kwa dziko koma ndi kuchuluka kwa anthu. Amene anali ndi mfuti ndi onga ankagwira anthu. Akazi ndi ana ambiri ankawasunga kuti mudzi ukule, ena nkuwatumiza ku Kilwa pamodzi ndi minyanga ya njovu, kukasintha ndi nsalu, mikanda ndi onga wina. Mfumu yosiya malondawa inkaona anyamata ake akuthawira kwa mnzake, mawa lake nkudzagwidwa yokha. Machiavelli akanafika ku Mwembe kwa Mataka sakanafuna womumasulira.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Mu 1861, pamene Bishopu Charles Mackenzie ankamanga misasa ku Magomero, magulu a Ayao anali akulowa m'dera lino, iwonso atakankhidwa ndi nkhondo kumbuyo kwawo, ndipo Amang'anja ambiri anagwidwa. Nthawi imeneyo Ayao ambiri anali asanalowe Chisilamu. Amene amati Chisilamu ndicho chinayambitsa ukapolo kuno akulakwitsa zaka. Koma nafenso tisathamangire kusangalala, chifukwa mafumu atalowa Chisilamu malondawo sanaleke.

Makanjira wachitatu, kum'mawa kwa nyanja, analowa Chisilamu cha m'ma 1870. Kumudzi kwake kunali mwalimu wophunzitsa ana Qur'an, alembi olemba makalata m'zilembo za Chiarabu, ndi madau owolotsa akapolo panyanja. Zonse zitatu pabwalo limodzi. Zamumtima mwake akudziwa ndi Allah, sitingaweruze chikhulupiriro cha munthu amene anapita. Chimene tingaone nchakuti chipembedzo chinamupindulira: amalonda a ku gombe anayamba kumukhulupirira, ndipo kulemba kunamuthandiza kulamulira mafumu ang'onoang'ono. Mwana wophunzira Fatiha ndi mwana womangidwa goli ankamwa madzi a nyanja imodzi.

Komabe tikanena kuti mafumuwa analibe chikumbumtima tinama. David Livingstone atafika ku Mwembe mu 1866 anapeza kuti anthu a Mataka Nyambi anakafunkha kunyanja mfumu isanalole, ndipo Mataka analamula kuti ogwidwawo ndi ng'ombe zawo abwezedwe kwawo. Chinali chifundo, kapena kuonetsa anyamata kuti palibe wopita kunkhondo popanda mawu ake? Mwina zonse ziwiri. Chovuta nchakuti chilungamo chotere chimadalira mmene mfumu yadzukira. Panalibe munthu pabwalo amene akanaiuza kuti ichi ncholetsedwa ngakhale kwa inu.

Munthu wotere anapezekapo ku Africa konkuno. Ahmad Baba wa ku Timbuktu, asilikali a Morocco atalanda mzinda wake mu 1591, anatengedwa ukaidi kupita ku Marrakesh. Ataonekera kwa Sultan Ahmad al-Mansur, anamudzudzula chifukwa cholankhula ndi anthu atabisala kuseri kwa nsalu yotchinga, ndiponso chifukwa chomulanda mabuku ake. Mu 1615 analemba fatwa yakuti khungu lakuda si chifukwa chogwirira munthu ukapolo. Ukapolo wonse sanaukane, anali mwana wa nthawi yake, koma anaikira olamulira ndi amalonda malire amene iwo sanawafune. Umu ndi mmene ifeyo tikuonera ntchito ya maulama: al-Maghili analemba zoyenera mfumu, koma zolembazo zimagwira ntchito pokhapokha pakhale shehe wosadya m'mbale ya mfumuyo.

Mphamvu za Makanjira zinaoneka ngati zosagwedezeka. Mu 1888 anakwapulitsa John Buchanan, woimira boma la Britain, ndipo mu December 1891 anthu ake anapha Kaputeni Cecil Maguire. Pofika 1895 asilikali a Harry Johnston anali atagonjetsa iye, Jalasi, Kawinga ndi Matapwiri. Azungu ena anayembekezera kuti Chisilamu chigwera limodzi ndi mafumuwo. Chinafalikira kwambiri pambuyo pake, chonyamulidwa ndi anthu opanda mfuti monga Sheikh Abdallah Mkwanda ndi wophunzira wake Sheikh Thabit Ngaunje, amene anamwalira mu 1959, ndi amwalimu awo oyenda pansi mudzi ndi mudzi.